Mbiri ya Game Jam ndi Matimu Ake Ongodzipereka

Game jam ndi mwambo umene anthu amasonkhana, m'holo imodzi kapena pa intaneti, kuti apange gemu ya pakompyuta kuchokera popanda kanthu mpaka kuimaliza m'nthawi yochepa kwambiri: maola 48, maola 72, mwinanso sabata imodzi. Okonza amalengeza mutu pa ola loyambira, ndipo nthawi ikakwana aliyense amapereka chimene wafika nacho, kaya chakoma kaya chikutsimphina. Ma game jam ena ndi mipikisano yeniyeni ya mavoti ndi opambana, ena alibe wopambana n'komwe. Pa ambiri mwa iwo palibe amene amalipidwa. Wolemba pulogalamu, wojambula zithunzi ndi wopeka nyimbo amabwera mwa kufuna kwawo, kawirikawiri Lachisanu madzulo ataweruka kuntchito kapena kusukulu. N'chifukwa chake chimene chakhala chikusintha kwambiri m'mbiri ya mwambowu ndi njira imene anthu osalipidwawa amapezerana ndi kugawana ntchito wotchi ikuthamanga.

Mizu yake ili kumpoto kwa Ulaya m'zaka za m'ma 1980, pakati pa achinyamata amene adali ndi makompyuta a Commodore 64 ndi Amiga. Iwowa ankapanga timapulogalamu ta zithunzi zoyenda ndi nyimbo, totchedwa ma demo, pofuna kuonetsa kuti makina ofookawo angathe kuchita zimene ngakhale owapanga sadaziganizire. Ntchitoyi inkachitika m'magulu, ndipo gulu lililonse linkakhala ndi wolemba khodi, wojambula ndi wanyimbo, kuphatikizapo wina amene udindo wake udali kutumiza madisiki papositi kwa magulu a m'mayiko ena. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 magulu aja adayamba kukumana m'maholo akuluakulu: The Party ku Denmark mu 1991, Assembly ku Finland ndi The Gathering ku Norway mu 1992. Anthu ankasenza makompyuta awo olemera, kugona pansi pa matebulo, ndipo opambana ankasankhidwa ndi mavoti a obwerawo. Gulu la ku Finland la Future Crew lidapambana ku Assembly mu 1993 ndi demo ya Second Reality, imene ikutchulidwabe mpaka lero. Komabe awa sadali ma game jam. Magulu adali okhazikika, odziwana kwa zaka, ndipo demo yopita ku mpikisano inkakonzedwa kwa miyezi kunyumba. Chimene adasiyira obwera m'mbuyo mwawo ndi holo yodzaza makompyuta, mavoti ochokera kwa anzawo a ntchito yomweyo, ndi kagawidwe ka ntchito patatu: khodi, zithunzi ndi nyimbo.

Mipikisano yopanga gemu kumapeto kwa sabata idayamba kuoneka pa intaneti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. SpeedHack, wa anthu olemba magemu ndi chida cha Allegro, udayamba mu 1999. Koma chaka chimene ambiri amawerengerapo ndi 2002, pamene m'miyezi iwiri yotsatizana mudabadwa miyambo iwiri yosiyana kwambiri.

Kuyambira pa 15 mpaka pa 18 Malichi 2002, Chris Hecker ndi Sean Barrett adaitana anzawo ku Oakland, m'chigawo cha California ku America, ku chimene adachitcha Indie Game Jam. Onse adalipo 14, akatswiri olemba mapulogalamu ndi okonza magemu. Chimene chinkawawawa n'chakuti magemu a malonda adali atakwera mtengo kwambiri. Gemu imodzi inkadya zaka ziwiri kapena zitatu ndi antchito makumimakumi, choncho eni ndalama sankafuna kuyesa zachilendo. Mothandizana ndi Doug Church, Jonathan Blow ndi Casey Muratori, awiriwa adakonzeratu injini yotha kuonetsa tianthu 100,000 pa sikirini nthawi imodzi, n'kusiyira oitanidwawo funso lakuti ndi gemu yanji ingatuluke pamenepo. M'masiku anayi mudatuluka magemu 12, amene adakawaonetsa ku msonkhano wa Game Developers Conference patangopita masiku ochepa. Apa vuto lopeza timu padalibe. Obwera adachita kusankhidwa, ndipo magemu 12 mwa anthu 14 akusonyeza kuti pafupifupi aliyense ankapanga yakeyake, kungoti ali m'chipinda chimodzi, akusuzumirana pa sikirini ndi kubwerekana nzeru.

Mwezi wotsatira, mu Epulo 2002, Geoff Howland adayambitsa Ludum Dare pa intaneti. Mpikisano woyambirirawo udali wa maola 24 ndipo adalowa anthu 18. Pambuyo pake nthawi idakhazikika pa maola 48. Uwu udali wotsegukira aliyense, koma lamulo lake lalikulu lidali lokana timu. Munthu apange yekha chilichonse, khodi, zithunzi ndi nyimbo, m'maola omwewo, ndipo pomaliza aike khodi yake poyera. Ovota adali olowa mpikisano okhaokha, aliyense kusewera magemu a anzake ndi kuwapatsa malikisi. Lamulo la munthu mmodzi lidali ndi nzeru yake: onse amayambira pamzere umodzi, ndipo palibe wogwiritsidwa mwala ndi mnzake. Koma lidaonetsanso poyera pamene timu imafunikira. Olemba mapulogalamu ambiri sadziwa za nyimbo, moti magemu ochuluka a zaka zoyambazo ankatuluka ali zii. Mu Disembala 2007 Tomas Pettersson wa ku Sweden adatulutsa kapulogalamu kotchedwa sfxr, koti munthu akangodina batani kamatulutsa phokoso la kudumpha, la kuphulika kapena la kutola ndalama. Adakapangira anzake a Ludum Dare amene adalibe wanyimbo woti n'kumupempha, ndipo kadafalikira kutali kunja kwa mpikisanowo.

Mpikisano umene udawatsegulira matimu khomo mwadala ndi PyWeek, umene Richard Jones wa ku Australia adauyambitsa mu 2005 kwa anthu olemba mapulogalamu m'chinenero cha Python. Jones adatalikitsa nthawi kufika sabata yathunthu, naika magawo awiri, lina la munthu payekha lina la timu. Sabatayo idasintha zambiri. Munthu wa pantchito kapena wa pabanja sangasowe masiku awiri athunthu, koma angathe kupatula maola awiri kapena atatu usiku uliwonse, ndipo a m'timu akhoza kumalandizana. Malamulo ake ngosavuta kumva. Olowa amavotera mutu m'sabata yomaliza mpikisano usanayambe. Khodi ya gemu imayamba kulembedwa pa ola loyambira. Malaibulale, ndiye kuti khodi yolembedwa kale yothandiza kujambula pa sikirini kapena kuliza nyimbo, amaloledwa pokhapokha ngati adaikidwa poyera kwa aliyense kutatsala mwezi wathunthu. Pomaliza olowawo amapatsana malikisi pa zinthu zitatu: kukoma kwa gemu poisewera, ukhondo wa kapangidwe kake, ndiponso chachilendo chimene yabwera nacho.

Popeza Python idali kale ndi magulu a oigwiritsa ntchito m'mizinda ndi m'mayiko ambiri, matimu a PyWeek sankangokhala a mabwenzi awiri kapena atatu. Padabadwa chizolowezi choitana gulu lonse la mzinda kapena la dziko, ndipo kaitanidwe kake kamafanana pafupifupi kulikonse. Kukatsala milungu ingapo, mmodzi amaponya uthenga ku gulu: mpikisano uyamba tsiku lakuti, ndani ali ndi mpata, ndani amatha kujambula, ndani amaimba. Oyankha amachuluka, koma ambiri amakhala olemba khodi; ojambula ndi anyimbo amachita kusakidwa kunja, kwa abale ndi anzawo akale a kusukulu. Kenaka wina amatsegula nkhokwe ya khodi pa intaneti, mmene aliyense aziikamo zimene walemba, ndipo m'zaka zoyambazo kawirikawiri inkakhala ya Subversion. Ochenjera amayeseratu kupanga kagemu kachabechabe sabata imodzi m'mbuyo, kungofuna kuona ngati makompyuta a onse akugwirizana. Monga pa dima, kuitana anthu sikuvuta. Chovuta n'kudziwa amene afikedi ndi khasu m'mawa mwake. Munthu wongodzipereka sangadulidwe malipiro kapena kuopsezedwa, ndipo mwa amene adalembetsa ena amasowa pofika Lachiwiri, mwana atadwala kapena abwana atawonjezera ntchito. Matimu okhwima adaphunzira kuti mlendo asapatsidwe ntchito imene gemu yonse yatsamirapo. Amamupatsa mbali yoti ikapanda kufika, gemu iseweredwabe.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Python Argentina, gulu limene mwachidule amalitcha PyAr. Mamembala ake ankalowa PyWeek mobwerezabwereza, ndipo atachuluka ankagawikana m'matimu angapo m'malo mounjikana m'timu imodzi. Mu Seputembala 2006, pa PyWeek yachitatu, imodzi mwa matimuwo idapambana gawo la matimu ndi Typus Pocus, gemu ya wamatsenga wa pabwalo la zisudzo amene amazimiritsa zinthu wosewera akatayipa mawu molondola ndi mofulumira. Koma chachikulu chimene chidatuluka m'gululi si gemu ayi. Mpikisano uliwonse ankapezeka akulembanso zinthu zomwezomwezo: kusuntha zithunzi, kuchoka pa sikirini ina kupita pa ina, mndandanda wa zosankha. Mu Febuluwale 2008 adakumana m'tauni yaing'ono ya Los Cocos m'chigawo cha Córdoba, ndipo Ricardo Quesada, Lucio Torre ndi anzawo adayamba kusonkhanitsa zonsezi m'laibulale imodzi, imene posakhalitsa idatchedwa Cocos2d. Chaka chomwecho Quesada adailembanso kuti igwire pa iPhone, ndipo m'zaka zotsatira nthambi zake zidagwiritsidwa ntchito popanga magemu ambirimbiri a pafoni, makamaka ku China. Anthu amene ankangofuna kudzipeputsira sabata imodzi ya mpikisano adapezeka atapanga chida cha makampani.

Kugawikana m'matimu ang'onoang'ono kuli ndi chifukwa chimene olemba mapulogalamu adachidziwa kalekale. Mu 1975 Fred Brooks, amene adatsogolerapo ntchito yaikulu ya mapulogalamu ku IBM, adafotokoza kuti kuwonjezera anthu pa ntchito yochedwa kale kumaichedwetsa koposa. Masamu ake ngachidule: pa anthu anayi pali njira 6 zoti awiriawiri azikambirana, pa anthu khumi pali 45. Pa ntchito ya zaka ziwiri zimenezi zimapiririka, koma pa ntchito ya maola 48 msonkhano umodzi wa maola atatu wadya kale gawo lalikulu la tsiku. Palinso vuto la manja ambiri pa chinthu chimodzi. Anthu awiri akasintha malo amodzimodzi a fayilo imodzi nthawi imodzi, wina kukonza kadumphidwe ka kamunthu ka m'gemu wina kukonza kagwedwe kake, nkhokwe ya khodi imakana kuziphatikiza yokha, ndipo pamafunika munthu wokhala pansi kusankha mzere ndi mzere. Izi zikachitika Lamlungu masana, kutatsala ola limodzi, timu imataya ntchito ya usiku wonse. Ndiponso timu ikakula maloto amakula nawo. Anthu khumi amaganiza za gemu ya midzi isanu ndi nkhani yaitali, pamene anthu atatu amadziwiratu kuti angathe chipinda chimodzi basi. Pa zifukwa izi matimu ambiri a game jam adakhazikika pa anthu atatu, anayi kapena asanu.

Njira ina yopangira timu, imene lero ambiri amaiona ngati ndiyo game jam yeniyeni, idachokera ku Denmark. Mu Januwale 2006, ku IT University ya ku Copenhagen, kudachitika Nordic Game Jam yoyamba, yokonzedwa ndi Gorm Lai, Jesper Juul ndi Henriette Moos mogwirizana ndi nthambi ya ku Denmark ya International Game Developers Association. Kudafika anthu pafupifupi 40. Chachilendo chidali chakuti sadabwere ngati matimu, komanso sadachite kusankhidwa: ophunzira ndi akatswiri a m'makampani adalowa pakhomo limodzi, ndipo matimu adapangidwa pomwepo mutu utalengezedwa.

Kachitidwe kameneka kadafalikira ndipo kamayenda motere. Mutu ukamveka, anthu amakhala m'timagulu kwa kanthawi kuponyerana maganizo. Kenaka amene ali ndi ganizo amaimirira kutsogolo, napatsidwa mphindi imodzi kapena yosakwana, kunena gemu imene akuilota ndi anthu amene akuwafuna. Ganizolo limalembedwa papepala n'kumatidwa pakhoma, mwini wake n'kuima pambali pake. Zikatero holo yonse imadzuka, aliyense kuyenda kukaima pa pepala limene lamukopa. Pepala lina limaunjikira anthu khumi ndi awiri, lina mwini wake amaima yekha akuyang'ana pansi. Apa ndi pamene okonza amaonetsa luso lawo: kugawa pakati gulu lalikulu, kunyengerera wosowa anzake kuti asiye ganizo lake alowe kwina, kuonetsetsa kuti pa tebulo lililonse pali wolemba khodi mmodzi. Wanyimbo, poti amasowa, kawirikawiri amayendera matebulo atatu kapena anayi atavala zomvera m'makutu. Njirayi ili ndi nkhanza zake, chifukwa wolankhula mokoma amakopa anthu kuposa wamanyazi wa ganizo labwino. Koma idathetsa vuto limene njira zina zidalilephera, la munthu amene sadziwa aliyense.

Susan Gold, mphunzitsi wa za magemu amene ankatsogolera gawo la maphunziro la International Game Developers Association, adaona zimene zinkachitika ku Copenhagen ndipo mu 2008 adagwirizana ndi Gorm Lai ndi Ian Schreiber kuti azichite padziko lonse kumapeto kwa sabata imodzi. Global Game Jam yoyamba idachitika kuyambira pa 30 Januwale mpaka pa 1 Febuluwale 2009, m'malo 53 a m'mayiko 23, ndipo anthu oposa 1,600 adapanga magemu pafupifupi 370. Mutu wa chaka chimenecho unkanena kuti anthu akakhala ndi anzawo mavuto sawathera, mawu amene timu iliyonse idawamvetsa bwino pofika Loweruka usiku. Kwa zaka zambiri malo aliwonse ankayamba madzulo a Lachisanu malinga ndi nthawi ya kwawo, kuyambira ku New Zealand mpaka ku Hawaii, ndipo oyamba ankapemphedwa kusunga chinsinsi cha mutu kufikira omaliza atayamba. Mitu siimakhala ya mawu nthawi zonse: mu 2012 udali chithunzi cha njoka yodya mchira wake, mu 2013 udali phokoso la kugunda kwa mtima. Okonza adakana kuti ukhale mpikisano, moti palibe wopambana wa dziko lonse. Mu Januwale 2020 olowa adapitirira 48,000, m'mayiko 118, ndipo magemu adapitirira 9,000.

Global Game Jam idabweretsa gulu lina la odzipereka limene silionekera pa magemu: okonza malo. Aliyense wofuna kutsegula malo amayenera kupeza nyumba yoti anthu akhalemo masiku awiri, magetsi, intaneti yolimba, chakudya ndi chitetezo, ndipo ntchito yonseyi ndi yaulere. M'mizinda yambiri malowa amakhala mayunivesite ndi nyumba zolimbikitsa luso la makompyuta, monga BongoHive ku Lusaka. Kumene magetsi amathimathima ndi intaneti ili yodula, kupezeka kwa nyumba yotere ndiko kumagamula ngati game jam ichitike kapena ayi.

Ludum Dare nayo idafewetsa lamulo lake. Mu 2010, pansi pa utsogoleri wa Mike Kasprzak, idawonjezera gawo lachiwiri la maola 72 lolola matimu ndiponso lokhululuka pa zinthu zopangidwa kale, gawo lakale la munthu mmodzi n'kutsala pambali pake. Kutchuka kwa Markus Persson, mlengi wa Minecraft, amene ankalowa mpikisanowu naonetsa ntchito yake pa intaneti pamene akuigwira, kudakoka anthu ambiri mu 2011, ndipo mu Epulo 2012 magemu operekedwa adadutsa 1,000 kwa nthawi yoyamba. Zida nazo zidapeputsa ntchito ya matimu. GitHub idatsegulidwa mu 2008, injini ya Unity idayamba kupezeka mwaulere mu 2009, ndipo Godot idaikidwa poyera mu 2014. Ndi zida zotere wojambula adatha kuika yekha chithunzi m'gemu osadikira wolemba khodi, chinthu chimene kale chinkaimitsa timu yonse pamzere kuseri kwa munthu mmodzi.

M'zaka zimenezi magemu ena a kumapeto kwa sabata adasanduka malonda. Kagulu ka Free Lives ka ku Cape Town kadapanga Rambros pa Ludum Dare ya Epulo 2012, imene idakula n'kukhala Broforce ya 2015. Superhot idayamba mu Ogasiti 2013 ku Łódź m'dziko la Poland, pa mpikisano wa masiku asanu ndi awiri, m'manja mwa Piotr Iwanicki ndi anzake. Mwezi womwewo Ari Gibson ndi William Pellen a ku Adelaide adapanga Hungry Knight pa Ludum Dare. Anthu sadaikonde kwenikweni, koma awiriwo sadasiyane, ndipo kamunthu ka m'gemuyo kadabweranso mu Hollow Knight ya 2017. Celeste idayamba ngati ntchito ya masiku anayi ya Maddy Thorson ndi Noel Berry mu 2015, ndipo Baba Is You ya Arvi Teikari idapambana Nordic Game Jam ya 2017. Nkhani izi zimakambidwa kwambiri, koma n'zochepa zedi poyerekeza ndi magemu masauzande amene amaseweredwa sabata imodzi n'kuiwalika. Komabe zidadzutsa funso limene matimu oyamba sankalilabadira: gemu ya anthu anayi amene adakumana Lachisanu ndi ya yani, makamaka mmodzi akafuna kuipitiriza ena atabwerera ku ntchito zawo? Global Game Jam imasiya umwini m'manja mwa timu, ngakhale imafuna kuti gemu iikidwe poyera pansi pa laisensi ya Creative Commons yoletsa ena kuigulitsa. Kugawana kwa mkati mwa timu kumatsalira eni ake, ndipo odziwa amalangiza kuti nkhaniyi ikambidwe ndalama zisanaoneke.

Makampani adatengera mwambowu m'maofesi mwawo. Double Fine ya Tim Schafer idayamba kumaimitsa ntchito kwa milungu iwiri kuti antchito agawikane m'timagulu ndi kuyesa maganizo awo, chizolowezi chotchedwa Amnesia Fortnight, mmene mudatuluka Costume Quest ndi Stacking. Surgeon Simulator idapangidwa ndi antchito anayi a Bossa Studios ya ku London pa Global Game Jam ya 2013, ndipo Goat Simulator idayamba ngati nthabwala ya m'kati mwa Coffee Stain Studios ku Sweden mu Januwale 2014. Awa adali anthu odziwana kale, ambiri a pamalipiro, choncho nkhani yawo ndi yosiyana ndi ya alendo a m'holo. Pamene amalonda adayesa kugwira odzipereka enieni ngati antchito awo, zidavuta. Mu Malichi 2014, ku Los Angeles, kampani ina ya makanema a pa YouTube idasonkhanitsa opanga magemu odziwika kuti iwajambule pa game jam yokhala ngati sewero la pa kanema. Mmodzi wa oyendetsa pulogalamuyo atayamba kufunsa matimu ngati kukhala ndi mkazi m'timu kumawabwezera m'mbuyo, ena mwa olowawo adanyamuka n'kutuluka, anzawo n'kukana kupitiriza, ndipo ntchito ya ndalama zambiriyo idathera pa tsiku loyamba.

Nkhani ya tulo nayo idasintha. Zaka zoyamba kuchezera usiku wonse ndi khofi kunkaoneka ngati chamuna, ndipo zithunzi za anthu ogona pa kiyibodi zinkagawidwa monyadira. Pamene antchito a m'makampani a magemu adayamba kudandaula poyera za kugwiritsidwa ntchito usana ndi usiku gemu ikamayandikira kutuluka, ena adafunsa ngati game jam sikuphunzitsa achinyamata khalidwe lomwelo. Okonza ambiri adayamba kulangiza anthu kuti azigona, ndipo malo ena adayamba kutseka zitseko usiku. Ena adayesa maonekedwe atsopano: mu 2014 Adriel Wallick adayambitsa Train Jam, pamene matimu ankapangidwa ku Chicago n'kugwira ntchito m'sitima ya pamtunda kwa maola 52 paulendo wopita ku San Francisco, intaneti ili yosadalirika njira yonse.

Kusintha komaliza kwakukulu kudadza ndi intaneti. Itch.io, imene Leaf Corcoran adaiyambitsa mu 2013, idapatsa aliyense mwayi wotsegula game jam yakeyake popanda nyumba kapena ndalama, ndipo Discord, ya 2015, idakhala malo amene matimu amakumanirana ndi kulankhulana. GMTK Game Jam, imene Mark Brown wa ku Britain adaiyambitsa mu 2017, idakula mpaka kulandira magemu oposa 7,000 mu 2024, chaka chimene nthawi yake idatalikitsidwa kuchoka pa maola 48 kufika pa 96. Mliri wa Covid-19 udakankhira ngakhale Global Game Jam pa intaneti mu 2021. M'malo moima pa pepala la pakhoma, wofuna timu tsopano amalemba kachidziwitso kachidule: luso lake ndi ili, injini imene amaidziwa ndi iyi, ali ndi maola akuti patsiku, ndipo kwawo nthawi ili motere. Mfundo yomalizayi ndi yatsopano m'mbiri ya matimuwa. Wojambula wa ku Manila ndi wolemba khodi wa ku São Paulo akhoza kukhala m'timu imodzi osapezana ali maso kupatula maola ochepa, choncho ntchito imasiyidwa ndi kalata yofotokoza pamene yafika, wina akamagona wina n'kumadzuka. Kusowa kwa membala kumapwetekanso koposa, poti palibe tebulo loyandikana lokabwerekako munthu, ndipo matimu ambiri a pa intaneti amagwirizaniratu kuti wina akakhala chete kwa maola angapo ntchito yake ipatsidwa kwa yani. Malo okumanirana maso ndi maso adatsegukanso mliri utachepa, ndipo lero njira zonse zimene zidabadwa pakati pa 2002 ndi 2006 zikuyenda limodzi: woitanidwa, wa yekha, timu ya gulu lodziwana kale, ndi alendo okumana Lachisanu madzulo.